Kuthamanga m'misewu ya kumudzi kuti mtima ukhale pansi

Mwafunsa kuti mungathamange bwanji m'misewu yafumbi, kutali ndi phokoso la m'tauni, kuti maganizo apume. Chitani motere.

Choyamba njirayo muiyende kaye wapansi masana. Muone pomwe pali agalu olusa, milatho yamitengo, komanso manda ndi dambwe, malo osayenera kulowako. Makilomita 3 kapena 4 akwanira poyambira.

Nyamukani m'bandakucha. M'mwezi wa Okutobala dzuwa limatuluka cha m'ma 5 koloko, ndipo pofika 8 koloko latentha kale. Imwani kapu imodzi ya madzi, muyende mphindi 5, kenaka muyambe.

Apa m'pamene ambiri amalakwitsa: amathamanga ngati akupikisana, nabwerako ali wefuwefu, mutu ukuwawa. Liwiro loyenera ndi loti mutha kuyankha moni osabanika. Kokani mpweya pa mapazi atatu, muutulutse pa mapazi awiri. Maganizo akathawira ku ngongole kapena kuntchito, bwererani kuwerenga mapaziwo. Zomvera m'makutu zisiyeni kunyumba. Mumve njiwa zikulira, mumvenso njinga yamoto ikubwera kumbuyo.

Gwirani dzanja lamanja la msewu kuti galimoto za mbali yanu muziziona zikubwera. Mvula ikagwa pewani dothi lakatondo, limaterera zedi.

Mukapeza masamba atayalidwa pamsewu, pali maliro. Lekani kuthamanga, vulani chipewa, mudutse mwaulemu mpaka masamba a mbali inayo.

Mphindi 5 zomaliza muyende pang'onopang'ono, ndipo wakunyumba azidziwa njira yomwe mwalowera.