Kasamalidwe ka Land Cruiser 200 ya dizilo: malangizo kwa eni galimoto a ku Zambia

Malangizowa ndi a inu amene mwagula Land Cruiser 200, ija ambiri amangoti V8, kuno ku Blantyre ndipo mukupita nayo kwanu ku Chipata, Katete, Petauke kapena Lusaka, ndi inunso amene mumabwera nayo kuno pa malonda n'kuichititsa sevisi musanabwerere. Atengedwa m'buku la mwini galimoto. Eni galaja amene andipatsa ntchitoyi anati za malamba, wayilesi ndi kasunthidwe ka mipando ndidumphe, ndipo ndadumphadi. Pamene ndawonjezera zanga mudzazindikira nokha, poti bukulo silidziwa msewu wa ku Mfuwe. Ngati simuyendetsa nokha, apatseni adalaivala anu awerenge, chifukwa nyali zochenjeza zimayakira iwowo.

Galimotoyi inapangidwa kuyambira 2007 mpaka 2021, pamene inalowedwa m'malo ndi Land Cruiser 300. Ya dizilo ili ndi injini ya 1VD-FTV, ya malita 4.5, masilinda 8 ndi ma turbo awiri. Zimene zinagulitsidwa zatsopano ku Japan zinali za petulo, choncho ngati yanu inachokera kumeneko, za dizilo zili m'munsimu mukhoza kuzilumpha.

Buku lili ndi ndondomeko ziwiri za sevisi. Yoyamba ikuti oyilo wa injini ndi fyuluta yake zisinthidwe pa makilomita 10,000 aliwonse kapena pa miyezi 6, chimene chayamba kukwana. Yachiwiri ndi ya galimoto imene imagwira ntchito yolemetsa: kuyenda m'misewu ya fumbi, kukoka ngolo, kuyenda maulendo afupiafupi, ndi kulira nthawi yaitali itangoima. Pa galimoto yotereyi, oyilo ndi fyuluta zisinthidwe pa makilomita 5,000. Ambiri amawerenga yoyambayo n'kutseka buku. Koma galimoto imene m'mawa uliwonse imakwawa pa mzere wa pa Chipembere Highway kuchokera ku Limbe, masana n'kudikira abwana panja pa ofesi injini ikulira kuti m'kati muzizire, Loweruka n'kupita ku munda pa msewu wa dothi, yalowa kale m'gulu lachiwiri. Pa Great East Road kapena pa Cairo Road ku Lusaka nkhani ndi yomweyo. Tsatirani ya 5,000. Injiniyi imamwa oyilo pafupifupi malita 9, ndiye musadabwe makaniko akakutchulirani zigubu ziwiri za malita 5.

Musanagule oyilo, funsani ngati galimoto yanu ili ndi DPF. Ichi ndi chitini chokhala pa paipi ya utsi, m'kati mwake muli timabowo tambirimbiri togwira mwaye. Chikadzaza, kompyuta ya galimoto imawonjezera kutentha kwa utsi kuti mwayewo upse, ndipo izi zimayenda bwino galimoto ikamathamanga pa msewu waukulu kwa kanthawi osaimaima. Sizonse zili nacho. Chimapezeka kwambiri pa zimene zinagulitsidwa ku Ulaya, ndi za ku Australia kuyambira 2015. Ngati chilipo, oyilo wake ndi wolembedwa ACEA C2 pa chigubu, wosasiya phulusa lambiri. Mwaye umapsa koma phulusa la oyilo wolakwika silipsa, limangodzaza mpaka chitinicho chitatsekeka. Nyali yake ikayaka musazimitse injini n'kukagona. Tulukani m'tauni, gwirani msewu wa ku Zalewa muyende mpaka izime.

Tsono dizilo, pamene pagona ndalama zanu zambiri. Injiniyi ndi ya common rail: pampu imodzi imapanikiza dizilo mwamphamvu zedi m'paipi, ndipo ma injector 8 amamupopera m'masilinda ngati nkhungu kudzera m'timabowo tosaoneka bwino ndi maso. Pampuyo ndi ma injector amafewetsedwa ndi dizilo yemweyo. Madzi akalowa amabweretsa dzimbiri, palafini akasakanizidwa amachotsa kufewetsako, ndipo mchenga ngakhale wochepa umakuza timabowo tija. Mafuta akasowa pa mafilingi siteshoni, monga zimachitikira kuno nthawi zina, anyamata a zigubu amatulukira m'mbali mwa msewu. Ena amagulitsa dizilo weniweni, ena ayi, ndipo pongoyang'ana simungasiyanitse. Zina mwa galimotozi zili ndi mathanki awiri okwana malita 138 pamodzi. Pobwera kuno, dzazani pa pampu musanadutse pa Mwami, ndipo mukapeza dizilo ku Lilongwe onjezerani ngakhale geji isanatsike kwenikweni. Zikavutitsitsa mpaka mwagula wa m'chigubu, msiyeni akhazikike, muthireni kudzera pa sefa, ndipo wa pansi penipeni musathire.

Pa za madzi mu fyuluta ya dizilo, buku likunena motere. Nyali yochenjeza ikamaphethira, madzi achuluka mu fyuluta ndipo achotsedwe mwamsanga. Imitsani galimoto pa malo otetezeka ndi kuzimitsa injini. Ikani kabeseni pansi pa chotsekera cha kunsi kwa fyuluta. Tembenuzani chotsekeracho kumanzere kawiri kapena kawiri ndi theka. Kanikizani pampu ya pamwamba pa fyuluta mobwerezabwereza kufikira dizilo yekhayekha atayamba kutuluka. Mangani chotsekeracho ndi dzanja, osagwiritsa ntchito chida chilichonse. Nyali ikayaka osaphethira, fyulutayo isinthidwe.

CHENJEZO: Kuyendetsa galimoto madzi ali mu fyuluta kungaononge pampu ya dizilo.

Mawu akuti ndi dzanja musawapeputse. Chotsekeracho ndi cha pulasitiki, ndipo chikathyoka ndi pulayala muli pa Luangwa Bridge mugona pomwepo. Muziyenda ndi fyuluta ina yatsopano m'galimoto, yogula kwa ogulitsa odziwika. Mabokosi a sipeya zabodza masiku ano amasindikizidwa mokongola kuposa enieni.

Fyuluta ya mpweya buku limangoti iyang'anidwe ndi kusinthidwa ikada. Ine ndikuti pa sevisi iliyonse imani pomwepo makaniko akamatsegula bokosi lake. Akachotsa fyuluta, pisani chala m'paipi yopita ku injini. Chala chikatuluka ndi kafumbi kofiira, ndiye kuti fumbi likudutsa m'mbali, mwina chivundikiro sichinakhale bwino, mwina kotsekera kamodzi kanasiyidwa, kapena fyulutayo si ya saizi yake. Fumbi limenelo limadya ma turbo ndi masilinda mwakachetechete, ndipo mudzadziwa injini itayamba kumwa oyilo. M'bokosimo apukute ndi kansalu konyowa asanaike ina. Kuyambira Ogasiti mpaka mvula itagwa, chitani zimenezi pafupipafupi.

Madzi a mu rediyeta ndi apinki aja a Toyota, osinthidwa koyamba pa makilomita 160,000, kenako pa 80,000 aliwonse. Osathiramo a pa mjigo. Oyilo wa mabuleki asinthidwe pa zaka 2 zilizonse ngakhale akuoneka woyera, chifukwa amayamwa chinyezi. Ngati yanu ili ndi mabatire awiri, sinthani onse limodzi. Batire lofooka limatopetsa sitata, ndipo sitata ya injiniyi inabisika pakati pa mizere iwiri ya masilinda, moti kuifikira n'kumasula zambiri za pamwamba pa injini.

Galimotoyi imakoka ndi matayala onse anayi nthawi zonse, choncho pa tala palibe choti mudine. Kachitsulo kozungulira kali ndi H4 ndi L4. H4 ndi ya masiku onse. Kuti mulowe mu L4, imani ndithu, ikani giya pa N, tembenuzani, ndipo dikirani nyali isiye kuphethira musanayende. L4 ndi ya matope akuya, mchenga ndi chitunda cha miyala.

Batani la centre diff lock ndi limene limasokoneza ambiri. Pokhota, matayala akutsogolo amayenda mtunda wautali kuposa akumbuyo, ndipo pakati pa galimoto pali giya yolola kusiyanaku. Mukadina batanilo, giyayo imamangidwa, kutsogolo ndi kumbuyo n'kumazungulira mofanana. Pa matope n'zabwino, chifukwa tayala likhoza kutererako pang'ono. Pa tala youma palibe poterera, mphamvu yonse imabwerera m'mashafiti ndi m'magiya. Mukamva galimoto ikulimba pokhota ndi matayala akulira pa malo oimika magalimoto, yang'anani nyali ya batanili. Ana amakonda kulidina.

Galimotoyi imalemera kuposa matani 2.5 isananyamule kanthu. Potsika phiri lopita ku Chikwawa, kapena mapiri a pakati pa Nyimba ndi Luangwa, musagonere pa buleki. Kankhirani giya ku S, tsitsani kufika pa 3 kapena 2, injini igwire galimoto. Mukakwera chitunda chachitali kapena mukathamanga kwambiri, buku likuti injini ilire pafupifupi mphindi imodzi musanazimitse, kuti ma turbo azizire oyilo akuyendabe.

Madzi amene ingaoloke ndi akuya mamilimita 700, apo ndi odekha ndipo pansi pali polimba. Mtsinje wosefukira si wa muyeso umenewo. Alternator ya injiniyi, chida chimene chimatchaja batire, inaikidwa m'munsi, ndipo madzi a matope akailowa, nyali ya batire imayaka patapita masiku. Mukachoka m'matope tsukani kunsi ndi madzi oyera, ndipo mashafiti aikidwe girisi pa tinsonga take tonse.

Za kusintha maonekedwe, buku lili ndi chiganizo chouma chakuti zida zosavomerezedwa zikhoza kusokoneza chitetezo ndi kayendedwe ka galimoto, ndipo zoonongeka chifukwa cha zimenezo sizilowa mu waranti. N'zoona, koma anthu sasiya kusintha, ndiye tiyeni tinene zimene zimapweteka.

Malimu a mainchesi 22 amakongola pa ukwati, koma tayala lake ndi lopyapyala ndipo dzenje limodzi la pa M1 limapinda limu. A 17 kapena 18 okhala ndi tayala la mnofu ndiwo a misewu yathu. Matayala onse anayi akhale a saizi imodzi ndi otha mofanana, apo ayi giya yapakati ija imagwira ntchito kosapuma. Pogula yang'anani manambala anayi omalizira pa mzere wolembedwa DOT: 3221 ndiye kuti linapangidwa sabata ya 32 m'chaka cha 2021. Tayala lokalamba limaphulika ngakhale mano ake ali atsopano, makamaka pa kutentha kwa Okutobala.

Musanaikweze galimoto kuti italikire pansi, dziwani chimene chili kunsi. Zina zili ndi KDSS, mapaipi a oyilo olumikiza zitsulo zoletsa kupendekeka za kutsogolo ndi kumbuyo, zimene zimalimba pa tala n'kumasuka pa miyala. Makaniko wosaidziwa akasintha masipuling'i, galimoto imatuluka m'galaja itapendekera mbali imodzi. Zina, pamodzi ndi Lexus LX 570, zili ndi AHC, imene imakweza ndi kutsitsa galimoto ndi oyilo wakewake. M'kathanki kake musalole munthu kuthiramo oyilo wa mabuleki kapena wa giyabokosi. Mfunseni makaniko kuti KDSS n'chiyani musanam'patse makiyi. Akayamba kukanda m'mutu, pitani kwina.

Bampala ya chitsulo igulidwe yopangidwira galimoto ya ma airbag. Akuwotcherera a ku Ndirande ali ndi luso ndithu, geti kapena keriyala angakupangireni yabwino, koma bampala yolimba mopitirira imasintha mmene kugunda kumafikira pa masensa. Zina za kuyambira 2015 zilinso ndi rada kuseri kwa chizindikiro cha kutsogolo, ndipo chitsulo chikaiphimba imasokonezeka. Nyali zowonjezera ndi firiji zikhale ndi fyuzi yakeyake, osadula mawaya a galimoto. Katundu wolemera aikidwe pansi m'kati, osati pa denga. Zosintha kompyuta kuti injini ikhale ndi mphamvu zambiri ine sindilimbikitsa, chifukwa kutentha kowonjezerako kumakathera pa giyabokosi ndi ma turbo.

Mukasintha mtundu wa penti kapena injini, kadziwitseni a RTSA, bungwe lolembetsa magalimoto ku Zambia, kuti white book, chikalata cha umwini, igwirizane ndi galimoto, chifukwa pa Mchinji ndi pa Mwami amafananiza manambala. Yellow Card ya COMESA, inshuwalansi yoyendera m'maiko ena, ikhale yosatha masiku. Ndipo mukachotsa bampala yakale, bwezeretsani timapepala tonyezimira, toyera kutsogolo ndi tofiira kumbuyo, musanafike pa rodibuloko yoyamba ya ku Chipata.