Mabedi opinda a m'kanyumba kowedzera nsomba pa ayezi

Amene mwaonako chisanu cha ku Minnesota mukudziwa kuti ikafika Januwale, nyanja ngati Mille Lacs ndi Lake of the Woods zimasanduka midzi. Tinyumba timangoti mbwee pamwamba pa madzi oundana, eni ake ali m'kati kuwedza nsomba zotchedwa walleye pa zibowo zapansi. Anzanu akuntchito akakutengani kamodzi, mwina mudzafuna kukhoma kanu, ndipo chidzakuvuteni ndi pogona. Kanga n'ka mafiti 7 m'lifupi ndi 12 m'litali. Bedi lamatabwa likanatseka zibowo, pomwe zibowozo ndiye tapitira.

Amene munaonapo machira onyamulira wodwala kumudzi mwaidziwa kale nzeru ya bedi lopinda: chinsalu pakati, mitengo iwiri m'mbali. Pano m'malo mwa mitengo tikuika mapaipi achitsulo, ndipo amene akunyamula ndi makoma.

Pa mapaipi musaumire ndalama. Gulani okhuthala a galvanized, amadzi aja, a inchi imodzi ndi kota, awiri pa bedi lililonse. Ine poyamba ndinagula opyapyala odutsitsamo mawaya amagetsi chifukwa chotchipa. Usiku woyamba mlamu wanga atangogona pamwamba, paipi inapindika ngati uta, chinsalu n'kutsika mpaka pamphuno pa mwana amene anali pansi. Tinachita mwayi kuti sinachoke m'malo mwake. Kusitolo ngati Menards kapena Home Depot mapaipiwa amapezeka. Adulitseni kuti achepe ndi theka la inchi poyerekeza ndi mpata wa pakati pa makoma awiri.

Mphamvu yonse ya bedi ili pa matabwa amene mapaipi amakhalapo. Tengani thabwa la 2x4 la khoma lililonse, museme timipata tooneka ngati chilembo U: kamodzi pafupi ndi khoma lakumbuyo, kena mainchesi 28 kuchokera pamenepo, kachitatu inchi imodzi kupitirira apo. Kachitatuka mudzakayamika chaka chamawa chinsalu chikatamuka, chifukwa mudzangosunthira paipi kumeneko bedi n'kukungikanso. Masikuluwu akhale aatali, alowe m'mitengo yoimirira ya m'khoma, osati m'pulayiwudi yokha. Pansi pa mpata wakunja imikani kathabwa kena kofika pansi kuti kulemera kutsikire kumeneko.

Chinsalu chake ndi kanivasi wolimba amene kuno amati cotton duck, wa nambala 8. Nambala ikamachepa ndiye kuti nsalu ikukhuthala. Pa mainchesi 28 aja onjezerani 5 mbali iliyonse kuti mupinde matumba olowetsamo mapaipi. Msoko ukhale wa mizere itatu, ulusi wa polyester. Makina osokera a m'nyumba amathyola singano pansalu yotere, choncho ndi bwino kupita nacho kwa osoka matenti ndi zophimbira maboti.

Bedi lapamwamba lisiye mpata wa mainchesi osachepera 30 kufika kudenga, kuti munthu athe kutembenuka. Kumwambako kumatentha, pansi kumazizira, ndipo kanivasi payekha satchinga mphepo yochokera pa ayezi. Yalani kamatiresi kasiponji, msana usadzuke utauma. Ana azigona pa bedi lapansi.

Kukacha, nyamulani paipi yakunja, kulungani chinsalu pa iyo mpaka ikafike kukhoma, mumange ndi lamba. M'mphindi imodzi malo owedzera abwerera. Koma musakulunge chinsalu chachinyezi. Mpweya wa anthu ogona ndi mbaula ya gasi zimanyowetsa m'nyumba, ndipo kanivasi wonyowa amachita nkhungu n'kuola.

Za mbaulayo ndikupempheni, abale anga. Kwathu tinamvapo za anthu ofera m'tulo chifukwa cholowetsa mbaula yamakala m'nyumba yotseka. Mpweya womwewo wa carbon monoxide umapha asodzi m'tinyumbati, ndipo sununkha. Musagonemo popanda kachipangizo kolira kakamva mpweyawu, koika mabatire atsopano, ndipo kazenera kapena kabowo kolowera mphepo kakhale kotsegula ngakhale kuzizire chotani. Chinsalu ndi mabulangete zitalikirane ndi moto.

Musanakokere kanyumba panyanja, onani malamulo a DNR, dipatimenti yoona zachilengedwe ku Minnesota, okhudza laisensi ya kanyumbako ndi tsiku loti kachoke pa ayezi, lomwe limagwa mu Malichi ndipo limasiyana pakati pa kumwera ndi kumpoto. Pokatulutsapo, sololani zinsalu pamapaipi, mukaziyanike ndi kuzisunga pamalo ouma pomwe mbewa sizifika.