Thumba la AN likathera pakati pa munda

Amene mwadutsa m'minda ya m'mphepete mwa misewu ku Mabvuku, ku Tafara ndi ku Epworth, madera a Harare ku Zimbabwe, mwezi wa Januwale mwaziona zimene ndikunenazi. Poyambira munda chimanga ndi chobiriwira mpaka kuderako, mapesi onenepa ngati nzimbe. Kungolowa mkati masitepe 30, mtundu ukusintha pamzere umodzi ngati wina wachita kudula ndi mpeni. Mapesi ndi oonda, masamba am'munsi achita chikasu kuyambira kunsonga, ndipo chikasucho chikutsika motsata mtsempha wapakati pa tsamba. Kuwafunsa eni ake, ena akuti anagula mbewu yachinyengo, ena akuti kumunsiko nthaka inaguga kalekale. Nthaka siguga potsata mzere wowongoka chotero. Pamene pasinthira mtundupo ndi pamene thumba la feteleza wobereketsa wa AN (ammonium nitrate) linathera.

Chisanatsegulidwe thumba pamafunika manambala atatu: mizere ilipo ingati, mzere uliwonse uli ndi mapando angati, ndipo choyezera chanu chimanyamula magalamu angati. Ambiri mwa amene minda yawo yagawikana chonchi sangatchule ngakhale imodzi mwa nambala zitatuzi.

Titenge munda wa mamita 60 mulitali ndi 50 mulifupi, omwe ndi mahekitala 0.3. Mizere yatalikirana masentimita 90, mapando masentimita 30, mbewu imodzi pa phando. Pamenepo mizere ndi 66, uliwonse wa mapando 166, onse pamodzi mapando pafupifupi 11,000. Thumba la AN ndi makilogalamu 50, kutanthauza magalamu 50,000. Kugawa, phando lililonse likupeza magalamu 4.5, pafupifupi supuni ya tiyi yosadzadza mutu, yosalazidwa ndi chala. Koma m'munda ndani amasalaza supuni? Imatapidwa ndi mutu wake, ndipo supuni yamutu imayandikira kuwirikiza kawiri. Ana akuthira, amayi akuthira, aliyense dzanja lake, mvula ikuopseza kumwamba. Pofika mzere wa 33 thumba lapepuka, akulikutumula. Theka la munda ladya magalamu 9 pa phando, theka linalo silinalawe n'komwe.

Palinso chizolowezi chobwereka kapu yoyezera feteleza kwa mnansi, chimene chimandidandaulitsa kwambiri chifukwa wochitayo amaganiza kuti akutsata malangizo. Mnansiyo analima Pfumvudza, ulimi wobzala m'mayenje pa kamunda koyezedwa, munda wa mamita 39 ndi 16, mizere 52, mayenje 28 pa mzere, onse 1,456. Mayenje ake atalikirana masentimita 75 ndi 60, ndipo m'dzenje muli mapesi awiri. Pa hekitala mayenje otere amakwana 22,222. Inu mwabzala 90 ndi 30, mapando 37,037 pa hekitala. Kapu ya magalamu 9 kwa iyeyo ndi makilogalamu 200 pa hekitala, kwa inu kapu yomweyo ndi makilogalamu 333. Kapu ilibe muyeso payokha popanda chiwerengero cha mapando.

Tsono pali funso limene alimi amafunsa, ndipo ndi lanzeru: kodi feteleza si yemweyo, walowa m'munda womwewo? Zimene theka lina lataya, si theka linalo labweza? Ayi, silibweza zonse, ndipo chifukwa chake chinalembedwa m'masamu kalekale. M'chaka cha 1909 katswiri wa za nthaka wa ku Germany, Eilhard Alfred Mitscherlich, anaika m'ndondomeko ya masamu mmene mbewu imayankhira chakudya cha m'nthaka. Munda uliwonse, pa mvula ndi mbewu ya chaka chimenecho, uli ndi denga, zokolola zimene sungapyole ngakhale mutathira feteleza wochuluka bwanji. Muyeso uliwonse wofanana umene mwawonjezera umatseka gawo lofanana la mpata umene watsala kuti mufike padengapo. Popeza mpatawo ukunka nuchepa, phindu la muyeso uliwonse wotsatira limachepanso. Munthu wanjala mtanda woyamba wa nsima ndiwo umamubwezera mphamvu, wachinayi amangodya poti ulipo.

Tiyike manambala oyerekeza kuti zioneke. Awa ndawasankha kuti kuwerengetsa kuphweke, a m'munda mwanu adzasiyana, koma kapindikidwe kake ndi komweko. Tinene kuti popanda wobereketsa munda uja umapereka tani 1 pa hekitala, ndipo denga lake ndi matani 5. Mpata ndi matani 4. Tinenenso kuti magalamu 4.5 pa phando amatseka theka la mpata. AN ali ndi nayitrojeni 34.5 pa 100 alionse, choncho thumba limodzi lili ndi makilogalamu 17.25 a nayitrojeni, ndipo pa mahekitala 0.3 ndi makilogalamu pafupifupi 57 pa hekitala. Muyeso woyambawu ukuwonjezera matani 2, zokolola zafika pa 3. Mpata watsala 2, muyeso wachiwiri ukutseka theka lake, tani 1 yokha, zokolola zafika pa 4.

Wogawa mofanana akolola matani 3 pa hekitala munda wonse, omwe ndi makilogalamu 900, matumba 18 a makilogalamu 50. Wothera pakati uja akolola makilogalamu 600 ku theka lobiriwira ndi 150 ku theka lachikasu, pamodzi 750, matumba 15. Matumba 3 apita, pa feteleza yemweyo, ndalama zomwezo, thukuta lomwelo. Kwa banja la m'tauni limene limagula chimanga pa ndowa ku msika wa Mbare Musika chikatha cha m'nyumba, makilogalamu 150 ndi ndowa zoposa 8 za malita 20. Ndipo pamenepa sitinawerengere mbewu ya haibulidi imene inagulidwa modula n'kubzalidwa ku theka lanjalalo, feteleza wobzalira wa Compound D amene analowa kale kumeneko, ndi masiku opalira chimanga chimene chidzabereka tizitsononkho tosakwana ndi chikhatho.

Bambo wina wachikulire wa ku Tafara, amene makolo ake anachokera ku Ntcheu, anatsutsa zimenezi ali m'munda mwake momwemo. Anati, "Alangizi, ine munda uwu ndaulima zaka zambiri mwana wanga woyamba asanabadwe. Dzanja langali ndi sikelo." Mdzukulu wawo wa Fomu 3 anathamangira kunyumba kukatenga kasikelo kakukhitchini kamene amayi ake amayezera ufa wa makeke. Anati, "Agogo, tapani kakhumi monga mumachitira, muzithira m'mbalemu." Anatapa. Sikelo inaonetsa magalamu 94. Mtsikanayo anawerenga mizere, nawerenga mapando a mizere itatu, nalemba pa chikuto cha kope lake, n'kuwauza kuti ndi dzanja limenelo munda wawo umafuna matumba awiri ndi kachigawo, pamene iwo anagula limodzi. Bambowo anakhala chete akuyang'ana kumene kunayambira chikasu, kenaka anati, "Ndiye chaka chilichonse ndimanamizira dothi." Dzanja lawo linali losasinthasintha ndithu, pamenepo sananame. Linkangotapa mowirikiza kawiri zimene thumba likanakwanitsa.

Kuyeza ndi maso kumeneku kunali ndi malo pamene malo anali ambiri, manyowa a ng'ombe ali mbwee. Muno mu Harare munda ndi kachigamba pakati pa msewu ndi mawaya a magetsi, feteleza ndi wa madola, ndiye munthu n'kumakana kuwerenga mizere 66? Ena amati anayeza munda ndi masitepe. Sitepe ya munthu woyenda m'mizere kawirikawiri sikwana mita. Ngati yanu ndi masentimita 80 koma mukuiwerenga ngati mita, cholakwacho chimalowa mbali zonse ziwiri: 0.8 kuchulukitsa ndi 0.8 ndi 0.64. Munda umene mukuutcha hekitala ndi mahekitala 0.64 basi. N'chifukwa chake ndimati siyani masitepe, werengani mapando enieniwo, poti ndiwo amadya.

Masamu omwewa amayankha funso la m'sitolo, loti mugule matumba angati. Pa munda woyerekeza uja thumba loyamba likubweretsa matumba 12 a chimanga, lachiwiri 6, lachitatu 3, lachinayi limodzi ndi theka. Funsani mtengo wa AN lero, mufunsenso mtengo wa chimanga nthawi yokolola, osati wa mu Januwale pamene chakwera. Ngati thumba la AN likufanana ndi matumba 3 a chimanga, lachitatulo likungobweza ndalama yake popanda phindu. Akatswiri a zachuma paulimi amakonda kunena kuti feteleza azibweza kawiri mtengo wake kuti mlimi atetezeke ku chaka choipa, ndiye pamitengo imeneyi muyime pa lachiwiri. Ndipo ngati ndalama yakwana limodzi lokha, limwazike munda wonse mofanana. Ofufuza a bungwe la kafukufuku wa ulimi la ICRISAT ku Matopos pafupi ndi Bulawayo anayamba ayesa timiyeso tating'ono pa kompyuta ndi pulogalamu yotchedwa APSIM, imene imayerekeza kakulidwe ka mbewu potengera nthaka ndi mvula ya zaka zambiri. Atakayesa m'minda ya alimi m'madera ouma a dziko lino, nayitrojeni wokwana makilogalamu 17 okha pa hekitala, lomwe ndi thumba limodzi la AN, ankakweza zokolola ndi 30 mpaka 50 pa 100 alionse. Uko ndi kumunsi kwenikweni kwa mzere wopindika uja, kumene galamu iliyonse imagwira ntchito yaikulu.

Musatenge masamuwa ngati lonjezo. Denga lija si lokhazikika. Ng'amba ya milungu itatu pamene chimanga chikumasula ngaiyaye imalitsitsa, udzu umalitsitsa, nthaka ya asidi imalitsitsa. Ili ndi lamulo lakale lija limene Justus von Liebig analitchukitsa, loti mbewu imaimitsidwa ndi chimene chaperewera kwambiri, monga mgolo wamatabwa umatayira madzi pa thabwa lalifupi. Dothi lamchenga la ku Epworth ndi Mabvuku, lochokera ku miyala ya nsangalabwi ija mumaiona itasanjikizana, kawirikawiri limakhala ndi asidi, ndipo AN akamathiridwa chaka ndi chaka amawonjezera asidiyo. Popanda laimu denga limatsika pang'onopang'ono mlimi osadziwa. Pamchenga pomwepo palinso china chimene chimapangitsa kuti chitsanzo changa cha matumba 3 chikhale chochepa: theka la nayitrojeni wa mu AN ndi wa mtundu umene dothi siliugwira, umatsika ndi madzi. Magalamu 9 othiridwa kamodzi pa chimanga cha milungu inayi, mizu yake sinakule moti n'kuwamwa onse, mvula yamphamvu ikagwa mbali ina imapitirira pansi pa mizu. Kumpoto kwa mzinda kumene kuli katondo vutoli ndi locheperako.

Kwa amene thumba lakutherani kale, ngati chachikasucho sichinamasule ngaiyaye ndipo dothi ndi lonyowa, thamangani mukagule ngakhale makilogalamu 10 ogulitsidwa mopima, muthire kuchikasu kokhako, kobiriwirako musawonjezereko kanthu. Makilogalamu 10 pa mapando 5,500 ndi magalamu osakwana 2 pa phando, choncho supuni imodzi yosalazidwa iziikidwa pakati pa mapesi awiri kapena atatu, masentimita 5 mpaka 10 kuchokera patsinde. Yambani mwapalira. Mukapeza urea m'malo mwa AN, kumbukirani kuti iye ndi 46 pa 100, magalamu 3.4 ake ndi ofanana ndi 4.5 a AN, ndipo azikwiriridwa, apo ayi amauluka. Ngati ndevu zauma kale, sungani ndalamayo.

Chaka chamawa tapani kakhumi pa sikelo ndi choyezera chomwe mudzagwiritse, mugawe ndi 10. Thumba muligawe pasanu ndi kamodzi musanalowe m'munda, makilogalamu 8.3 pa mizere 11 iliyonse m'munda wonga uja, kuti dzanja likalemera mudziwire pa mzere wa 11. Pamchenga thirani kawiri, pa milungu 3 kapena 4 chimanga chitamera, kenaka pa milungu 6 kapena 7. Dothi lipite kukayezedwa asidi, alangizi a boma a zaulimi a dera lanu akuuzani katengedwe kake. Ndipo khomani chikhomo lero pamzere pamene pasinthira mtundupo. Pokolola mudzatonole mizere 5 mbali iyi ndi mizere 5 mbali inayo payokhapayokha, muyeze pa sikelo zikauma, mulembe m'kope, manambala awiriwo alowe m'malo mwa oyerekeza angawa.