Denga la labala la galimoto yogonamo: katsukidwe ndi kasamalidwe kake

Galimoto zogonamo zija, zokhala ndi bedi, khitchini ndi bafa mkati, zambiri za ku America zimapangidwa ku Elkhart m'chigawo cha Indiana, ndipo zochuluka denga lake si la malata. Amayala mapulayiwudi, pamwamba pake n'kumatapo chinsalu chopyapyala chonga labala. Ngati mwagula yotere, kapena abwana akupatsani ntchito yoisamalira, dziwani kuti chinsalu chimenechi chikaboola madzi salowa mokuwa. Amalowa pang'onopang'ono, thabwa n'kumawolera pansi, inu mudzazindikira tsiku limene phazi lidzatitimire ngati mwaponda pa matiresi.

Yambani mwadziwa mtundu wa denga lanu. Mitundu yofala ya chinsalu chija ndi iwiri, yotchedwa EPDM ndi TPO. Masulani felemu la mkati la kawindo ka mpweya ka kudenga, muona kansonga ka chinsalucho katapindikira mkati. Kakakhala koyera kumtunda koma kwakuda kunsi, ndi EPDM. Kakakhala mtundu umodzi konsekonse, nthawi zambiri ndi TPO. EPDM ikamakalamba padzuwa imatulutsa ufa woyera ngati choko, umene umatsetsereka ndi mvula n'kusiya mizere m'mbali mwa galimoto. Zimenezi zisakuopseni, ndi mmene ilili. Chodetsa nkhawa ndi pamene kwakuda kwa pansi kwayamba kuonekera.

Pali chizolowezi chimodzi chimene ndikupemphani muchisiyire pansi musanakwere makwerero. Ambirife tikaona phula kapena utomoni wa mtengo wakanirira, timathamangira palafini, petulo kapena thinala. Pa labala ameneyu zimenezi ndi poizoni. Labala amamwa mafutawo, amatupa, amachita matuza, ndipo guluu womumata ku thabwa amalekerera. Dontho la utomoni likanangokhala chipsera chabe, koma malo amene mwathirapo palafini mwina sangabwererenso mwakale. Mankhwala otsukira okhala ndi mafuta a mandimu kapena malalanje aja nawonso apeweni, pamodzi ndi sitiliwulo ndi ufa wokwechera mapoto.

Potsuka denga, sopo wamadzi wotsukira mbale, ndowa, payipi ndi burashi yofewerapo ya mpini wautali, basi zakwana. Sesani masamba ndi tizitsotso kaye. Nyowetsani m'mbali monse mwa galimoto musanayambe, kuti litsiro lotsika pamwamba lisaumirepo. Tsukani kagawo kakang'ono, pafupifupi mita imodzi mbali zonse, tsukuluzani, kenako sunthirani kwina, mukubwerera cha kumene kuli makwerero. Chitani m'mawa kapena pamthunzi kuti sopo asaume. Makina opopera madzi mwamphamvu aja ndi bwino kuwasiya, chifukwa amatukula zomatira m'mphepete. Katatu kapena kanayi pa chaka n'kokwanira, koma zitosi za mbalame musazisiye zikhalitse.

Labala wonyowa ndi sopo amaterera kuposa therere, ndipo muli pamtunda wa mamita atatu kapena kuposerapo. Yendani chogwada, ndipo pansi pakhale munthu. Denga lina silinapangidwe kuti liziyendedwa. Pa lotere gwirani ntchito muli pa makwerero.

Kutsuka kwenikweni phindu lake ndi loti maso anu afike pa malumikiziro. Denga silidonthera pakati kawirikawiri. Limadonthera pozungulira kawindo ka mpweya, makina oziziritsa, mlongoti wa wailesi, ndi kutsogolo ndi kumbuyo kumene chinsalu chakumana ndi thupi la galimoto. Malo onsewa anawathira zomatira zofewa, ndipo dzuwa ndi kugwedezeka kwa pamsewu zimazing'alula. Denga likauma, yendetsani chala pa mzere uliwonse. Mukapeza kamng'alu, ngakhale kolowa chikhadabo chokha, pukutani bwino, paume, ndipo thirani chomatira chotchedwa lap sealant, chimene chimadziyala chokha pamalo athyathyathya. Cha kampani ya Dicor ndicho chodziwika kwambiri, koma werengani pa chubu ngati chikugwirizana ndi mtundu wa denga lanu. Silikoni wa kubafa musamuyese. Amamatuka posachedwa, ndipo amasiya mafuta oti china chilichonse chimakana kugwirapo, mpaka mutapala yense. Pamene nthambi yang'amba, tepi ya EternaBond imagwira bwino mukaiyala pouma n'kuikanikiza mwamphamvu.

Mankhwala opaka otchinjiriza ku dzuwa alipo, ndipo amathandizako ngati alembedwa kuti ndi a denga la labala ndiponso alibe mafuta a petulo. Ine ndimaona kuti ndalama yoyamba ipite ku zomatira, zopakazo zibwere pambuyo. Poimika galimoto nthawi yaitali, pewani pansi pa mitengo yodontha utomoni, ndipo musaiphimbe ndi lona wapulasitiki womanga ndi zingwe. Amasunga chinyezi, nkhungu n'kumera, ndipo mphepo ikamaomba amakhula chinsalucho m'ngodya. Funani chophimba chopitisa mpweya, kapena shedi yokhala ndi denga.