Dzimbiri pa pikiapu yochokera kunja: yambani mwaona kunsi

Pikiapu zakale zambiri zomwe zikuyenda mu Blantyre zidachokera ku UK ndi ku Japan. Kumeneko nthawi yozizira amathira mchere m'misewu kuti madzi asaundane, makamaka kumpoto monga ku Scotland ndi ku Hokkaido. Madzi amcherewo amalowa m'chasisi, zitsulo zikuluzikulu za kunsi zomwe zimanyamula galimoto yonse. Mchere umasunga chinyezi, choncho chitsulo chimadyeka kuchokera m'kati pamene kunja penti ikunyezimira. Nissan Navara D40 idatchuka ku UK ndi vuto la chasisi kuthyoka kuseri kwa kabu, koma ngakhale Hilux imadyeka.

Musanalipire, ikwezeni pagalaja, mutenge tochi ndi kanyundo. Gogodani chasisi yonse. Chitsulo chabwino chimalira ngwe, chodyeka chimangoti phu, n'kumayoyoka. Chedwani pomwe masipuling'i akumbuyo agwirira, pa chitsulo chopingasa chomwe chili pamwamba pa tayala la sipeya, pomwe kabu yakhalira, ndi pa malamba a thanki ya mafuta. Mapaipi a mabuleki muwatsate ndi chala. Mukapeza kunsi kwapakidwa phula lakuda latsopano, chenjerani: nthawi zambiri labisa zowola.

Ngati dzimbiri lili pamwamba chabe, tsukani ndi madzi amphamvu, paipi muilowetse m'mabowo a chasisi mpaka madzi otuluka ayere. Galimotoyo isiyeni padzuwa masiku awiri kapena atatu. Palani ndi burashi ya waya, pakani mankhwala opha dzimbiri okhala ndi phosphoric acid, kenako primer (penti yoyambira yogwira pa chitsulo) ndi penti kawiri. M'kati, momwe burashi siingafike, popelani cavity wax, phula lamadzimadzi loteteza chitsulo ku dzimbiri. Ntchitoyi imayenda bwino mu September ndi October, Chiperoni chitatha, mvula isanayambe. Penti yopaka pa chitsulo chonyowa imatsekera madzi m'kati, dzimbiri n'kumapitirira.

Ambiri amakonda kupaka kunsi oyilo wakutha wa injini poti satuluka ndalama. Amathandiza pang'ono, koma amafewetsa mabushi a labala ndipo amakola fumbi.

Pomwe pabowoka, penti ilibe ntchito. Wowotcherera adule mpaka apeze chitsulo chamoyo, aikepo chigamba chochindikala mofanana ndi chasisiyo, osati kumata chitsulo pamwamba pa chowola. Ayambe wamasula batire ndi kuchotsa thanki. Paipi ya mabuleki yodyeka siiwotchereredwa, imasinthidwa yonse, chifukwa imaphulika mukaponda mwamphamvu, mwina mukutsika Thyolo mutasenza matumba a chimanga. Ngati zibowo zafika pomwe masipuling'i agwirira mbali zonse ziwiri, galimotoyo musaigule ngakhale mtengo utsike.

Kuno mchere kulibe m'misewu, koma matope a dzinja amagwira ntchito yomweyo yosunga chinyezi. Mukachokera kumudzi tsukani kunsi, ndipo mabowo otulutsira madzi muziwatokosa ndi waya kuti asatsekeke.