Njoka Yanga Itayamba Kukana Chakudya mu Okutobala

Kuno ku Leeds, mzinda wa ku England, dzuwa litayamba kulowa msanga mu Okutobala, njoka yanga ya mtundu wa corn snake inakana mbewa katatu konse, ndipo inkangodzipinda m'kaphanga kake osatuluka. Ndinada nkhawa kuti yadwala, koma sikelo inasonyeza kuti sinaonde. Vuto linali bokosi lake lagalasi, lomwe mosaganiza bwino ndinaliika pafupi ndi zenera, moti kutentha kwa mbali yofunda ya bokosilo kunali kutatsika kufika pa madigiri 23. Popeza njoka imadalira kutentha kwa malo ake kuti igaye chakudya, ndinasuntha bokosilo, ndinakweza kutenthako kufika pa madigiri 29, ndipo ndinaisiya masiku 10 osaigwira. Kenako ndinafunditsa kambewa ka mufiriji m'madzi otentherako n'kuipatsa madzulo, ndipo inakameza pang'onopang'ono kuyambira kumutu.