Kamangidwe ka Ampulifaya m'Motoka ya Denga Lopinda

Malangizo awa ndi a eni mamotoka amene denga lake limapindika n'kutseguka, komanso a makanika wa zamagetsi amene adzagwire nchitoyi. Ampulifaya ya motoka, cipangizo cokuza mawu a wailesi asanafike ku masipika, imafuna magetsi a 12 V, pa motoka imene negative ya batiri inalumikizidwa ku citsulo ca bodi, monga zilili pa mamotoka ang'onoang'ono amene timaitanitsa ku Japan kapena ku United Kingdom. Musaiike pa lole kapena basi ya 24 V. Werengani mpaka kumapeto musanagwire sipanala, cifukwa bodi mukaiboola mwaiboola.

Musanacotse batiri

Zimitsani injini, cotsani kiyi, ndipo masulani waya wa negative poyamba. Pobwezeretsa, iye ndiye womaliza. Koma pa motoka ya denga lopinda pali zina zoti mucite waya ameneyu asanacoke. Tsitsani magalasi a zitseko pang'ono: pa mamotoka ambiri otere galasi limatsika lokha mukatsegula citseko, ndipo popanda magetsi lidzagunda mphira wa denga. Ngati batiri ili m'buti, monga pa Mazda Roadster ya m'badwo woyamba ndi waciwiri kapena BMW 3 Series, musatseke buti batiri ili yomasula ngati loko yake imatseguka ndi magetsi. Ikani nsanza pa loko kuti isagwire. Wailesi ina imafunsa nambala yacinsinsi magetsi akabwerera, ndiye ipezeni muli pano.

Kusankha malo

Apa ndi pamene pagona nchito yonse. M'motoka wamba mukhoza kumanga ampulifaya kuseri kwa mpando wakumbuyo n'kuiwalako. M'motoka iyi malo aliwonse amene akuoneka opanda kanthu ali ndi mwini wake: mwina ndi mogona denga likapindika, mwina ndi njira ya madzi.

Dulani katoni kuti ifanane ndi ampulifaya, koma muonjezere masentimita 5 mbali zonse, ndi ena 8 kumene kudzatulukire mawaya. Imatireni ndi tepi pamalo amene mukuganiza. Batiri isanacoke, tsegulani denga mpaka kumapeto, litsekeni, ndipo wina aime pambali kuyang'ana katoniyo pamene zitsulo zikuyenda. Ikakhudzidwa ngakhale pang'ono, kapena mukaipeza yapindika pakona, malowo ngosayenera. Musanene kuti yangokhuza pang'ono cabe. Pampu imene imayendetsa denga ili ndi mphamvu yothyola mapulagi a ampulifaya, ndipo denga likaima pakati mvula ikubwera, ndalama zokonzera zidzaposa mtengo wa zoimbira zonse.

Pa mamotoka a denga lacitsulo monga Mercedes-Benz SLK, imene inayamba kugulitsidwa mu 1996, denga lonse limalowa m'buti. M'butimo muli cochinga cimene ciyenera kukokedwa kuti denga livomere kuyenda, ndipo zonse za pamwamba pa cochingaco ndi malo a denga. Kuseri kwa kapeti wa m'mbali mwa buti kumakhala pampu ndi tumapaipi twa mafuta oyendetsa denga. Musakhomepo sikuluu, musamangirirepo waya. Mamotoka ena, monga BMW 3 Series yotsegula denga, ali ndi zitsulo zobisika kuseri kwa mipando yakumbuyo zimene zimatumphuka zokha motoka ikafuna kugubuduka. Pamwamba pake ndi patsogolo pake pazikhala popanda kanthu. Pa Mazda Roadster tanki ya petulo ili kuseri kwenikweni kwa mipando, pansi pa malo ogona denga. Sikuluu yaitali pang'ono ikhoza kuifika. Lamulo n'lakuti simuboola pamene simunaone ndi maso kapena kugwira ndi dzanja cimene cili kuseri kwake.

Tsopano madzi. Denga la tenti silichinga madzi onse. Linapangidwa kuti madzi otsikira kumbuyo alowe m'ngalande n'kutulukira pansi pa motoka kudzera m'timabowo tiwiri, kamodzi mbali iliyonse. Kuno ku Lusaka timabowo timeneti timatsekeka nthawi yoipitsitsa. Fumbi la cilimwe limaunjikana, maluwa a jakaranda amayoyoka mu Seputembala ndi Okutobala, ndiye mvula yoyamba ya Novembala ikagwa zonsezi zimasanduka matope n'kutseka njira. Madzi akasowa kopita amasefukira kuseri kwa mipando, pansi pa kapeti kapena m'buti. Motoka yoimikidwa pansi pa mtengo wa mango nayo siipulumuka.

Yesani motere: tsekani denga ndi magalasi, yalani nyuzipepa youma pamalo amene mwasankha, ndipo thirani madzi ndi paipi kapena ndowa pamwamba pa denga ndi pa galasi lakumbuyo kwa mphindi 10. Yang'anani pansi pa motoka ngati madzi akutuluka mbali zonse ziwiri. Kenako onani nyuzipepa. Dontho limodzi likwanira kukuuzani kuti musamuke. Timabowo totsekeka mutsegule ndi burashi yaitali yofewa kapena waya wokutidwa pulasitiki, osati citsulo cosongoka cimene cingang'ambe kapaipi mkati.

Pansi pa mpando ndi malo amene ambiri amathamangira, popeza wakuba saonapo denga lili lotsegula. Ndi malo abwino kwa ampulifaya yaing'ono, koma ndi potsika kwambiri m'motoka yonse, ndipo mamotoka awa ndi afupi kale. Amene amayenda ku Kanyama kapena ku Kamwala mvula ikagwa akudziwa pamene madzi amafika. Ngati mwasankha pamenepo, kwezani ampulifaya masentimita 2 kapena 3 kucoka pa kapeti, ndipo yendetsani mpando kutsogolo ndi kumbuyo mpaka kumapeto kuti muone ngati sukoka waya. Mapulagi acikasu a pansi pa mpando ndi a airbag, matumba a mpweya oteteza anthu pa ngozi. Musawamasule, musawayese ndi mita, musabepo magetsi.

Kwa mamotoka ambiri, malo amene amapambana mayeso onsewa ndi khoma la m'mbali mwa buti kapena la kutsogolo kwake, ampulifaya itaimirira, ili pamwamba ndithu kucoka pansi.

Kumanga

Musamangirire ampulifaya pa citsulo ca motoka mwacindunji, cifukwa zimabweretsa phokoso m'masipika. Imangeni pa thabwa, thabwalo pa bodi. Gulani plywood ya mamilimita 12 ndi kuipaka penti mbali zonse ndi m'mphepete momwe. MDF, thabwa la utuci wopanikiza, ndi yosavuta kudula, koma ikamwa madzi imafufuma ngati buledi woviika mu tiyi, masikuluu n'kusololoka. Gwiritsani nchito mabowo ndi mabauti amene alipo kale pa bodi ngati n'kotheka. Bowo latsopano lipakeni penti kuti lisacite dzimbiri.

Bodi yopanda denga lolimba imagwedezeka kuposa ya motoka wamba, ndipo mahampu ndi maenje a m'misewu ya m'makomboni amaonjezera. Ikani mawashala a sipuling'i kapena manati a nayiloni mkati. Musamange ampulifaya pa bokosi la subwoofer, sipika ya besi, ndipo musaiike cadodolido: kutentha kumakwera, ndiye nthiti zake zozizitsira ziyang'ane kumwamba kapena ziimirire. Musaifundike kapeti. Mu Okutobala, buti ya motoka yoima padzuwa masana imatentha kale ampulifaya isanayake n'komwe. N'cifukwa cake m'malo opanikizika ampulifaya ya mtundu wa Class D imaposa ya mtundu wa Class AB: Class D imasandutsa 80 peresenti kapena kuposa ya magetsi kukhala mawu, pamene Class AB imataya pafupifupi theka ngati kutentha.

Mawaya olowa mu ampulifaya acokere pansi, kapena muwapinde kuti atsike kaye asanakwere kulowa pa pulagi. Dontho loyenda pa waya lidzagwera pansi pa kupindikako m'malo molowa mkati.

Mawaya a magetsi

Waya wofiira wamkulu acoke pa positive ya batiri, osati pa bokosi la mafyuzi kapena poyatsira ndudu. Fyuzi yake ikhale pafupi ndi batiri, osapitirira masentimita 45. Fyuzi iyi nchito yake ndi kuteteza waya: akakhuzika n'kugunda citsulo popanda fyuzi, motoka ipsa. Musaike fyuziyo m'cogwirira cake mpaka nchito yonse itatha.

Kukula kwa waya kumatsatira magetsi amene ampulifaya imakoka. Tinene kuti yanu imapereka 75 W RMS (mphamvu imene imapereka mosalekeza) pa sipika iliyonse mwa anayi, kutanthauza 300 W. Injini ikulira, pa 13.8 V, Class D idzakoka pafupifupi 27 A, Class AB pafupifupi 43 A. Waya wa 8 AWG (AWG ndi muyeso wa kunenepa kwa waya: nambala ikacepa, waya ndi wonenepa) ndi fyuzi yosapitirira 50 A zikwanira pamenepa. Mukapyola apo, tengani 4 AWG ndi fyuzi ya 100 A kapena yoceperapo. Manambala akuluakulu olembedwa pa katoni monga 3000 W PMPO musawawerengere.

Cenjerani pogula. Mawaya ambiri ochipa m'mashopu a m'tauni ndi aluminiyamu yokutidwa kopa pamwamba cabe, ndipo amalembedwa CCA. Amapitsa magetsi ocepa, pafupifupi magawo awiri mwa atatu a kopa weniweni, ndipo akanyowa amafumbwa mkati. M'motoka imene cinyezi ndi mlendo wa caka ndi caka, funani wolembedwa OFC, amene ndi kopa weniweni. Palani kansonga ndi mpeni: kopa ndi wofiirira mpaka mkati, CCA imayera. N'zocititsa manyazi kuti m'dziko lokumba kopa tizipsetsa mamotoka ndi aluminiyamu.

Ngati batiri ili ku boneti, waya adutse pa bowo lokhala ndi mphira, ndipo asayandikire ekizozi, mapedulo kapena ndodo ya siteling'i. Mumangeni ndi tumalamba twa pulasitiki pa masentimita 30 aliwonse, kutali ndi mahinji ndi zingwe za denga.

Waya wa earth, wocoka pa ampulifaya kupita ku citsulo ca bodi, akhale wonenepa mofanana ndi wofiira, ndipo asapitirire masentimita 45. Palani penti ndi sandipepa mpaka citsulo ciwale, mangani zolimba, kenako pakani girizi kapena penti pamwamba. Musagwiritse nchito bauti ya lamba wa mpando kapena ya zitsulo za denga. Pa mamotoka atsopanoko pamakhala kacipangizo koyeza magetsi pa negative ya batiri. Earth yanu ipite ku bodi, isalumphe kacipangizoko.

Waya woonda woyatsa ampulifaya, wa pa REM, alumikizidwe ku waya wabuluu wa mzere woyera wa wailesi. Wabuluu wopanda mzere nthawi zambiri ndi wa eriyo, ndipo amazima mukacoka pa FM. Mawaya a RCA, otenga mawu kucoka ku wailesi kupita ku ampulifaya, adutse mbali ina ya motoka, wofiira mbali inayo. Akakumana, apingasane, asayende limodzi. Wailesi yobwera ndi motoka kucoka ku Japan kawirikawiri imalekera pa 90 MHz, ndipo ina ilibe potulukira RCA. Ngati simuisintha, mudzafunika ampulifaya yolandira mawu kucoka pa mawaya a masipika, kapena kabokosi kosinthira.

Kuchuna mawu

Ikani fyuzi, bwezerani negative, yatsani wailesi voliyumu ili pansi. Nyali ya POWER iyake. Musanamvetsere nyimbo, tsegulani ndi kutseka denga kawiri mukuyang'ana mawaya.

GAIN si voliyumu. Imangofananitsa mphamvu yocoka ku wailesi ndi imene ampulifaya ingalandire. Masulani masipika, zimitsani BASS BOOST ndi LOUDNESS, ikani wailesi pa magawo atatu mwa anayi a voliyumu yake, ndipo lizani kamvekedwe koyesera ka 1 kHz. Culukitsani mawati a RMS ndi ma ohm a sipika, n'kudina √ pa kakyuleta ya foni. Pa 75 W ndi 4 ohm yankho ndi 17.3. Ikani multimeter, mita yoyezera magetsi, pa AC potulukira sipika, ndipo zungulizani GAIN pang'onopang'ono mpaka ionetse 17.3 V. Ngati sipika yanu imalandira mawati oceperapo, werengerani a sipikayo. Kwa subwoofer citani cimodzimodzi ndi 50 Hz.

Mukalowa mu Great East Road denga lili lotsegula, mphepo idzameza besi ndipo dzanja lidzafuna kukweza GAIN. Lekani. Ampulifaya yokakamizidwa imatulutsa mawu osweka amene amawocha matwita, tumasipika twa mawu oonda, ndipo mumphepo simudzamva kuti asweka. Cothandiza ndi kuika HPF (sefa yochinga besi) ya masipika a m'zitseko pa 80 Hz mpaka 100 Hz kuti asavutike ndi besi, LPF (sefa yolola besi yokha) ya subwoofer pa 80 Hz. Mukafika m'komboni usiku, kapena pafupi ndi cipatala ndi nyumba ya maliro, kumbukirani kuti mulibe denga lobisa phokoso lanu.

Zikavuta

Ampulifaya ikakana kuyaka, yezani 12 V pa waya wofiira ndi pa REM, muonenso fyuzi. Kulira kokwera ndi kutsika pamodzi ndi injini kawirikawiri ndi earth yosagwira bwino kapena RCA yoyandikana ndi waya wofiira. Nyali ya PROTECT ikayaka pambuyo pa kuimba kwa kanthawi, gwirani ampulifaya: ngati yatentha kwambiri, mpweya ukucepa kapena masipika ali ndi ma ohm otsika kuposa ololedwa, ndipo ma ampulifaya ambiri salola pansi pa 4 ohm mukaphatikiza njira ziwiri kukhala imodzi. Nyaliyo ikayaka pomwepo mukangoyatsa, masulani masipika onse n'kuwabweza imodzi imodzi mpaka mupeze waya amene wacita shoti. Fyuzi ikapsa, ikani ya nambala yomweyo. Osakulungapo waya kapena pepala lonyezimira la m'paketi ya ndudu.

Ampulifaya ikanyowa musaiyatse kuti muone ngati ikali moyo. Cotsani fyuzi ya pa batiri, imasuleni, ndipo muipereke kwa wokonza kuti aitsegule ndi kuiumitsa mkati musanaibwezere.